Zotupa za m'thumba la mazira: ndi zingati zimene zimakhala khansa pa msinkhu uliwonse? Mafunso ndi mayankho

Mayi akamva kuti sikani yaonetsa chotupa m'thumba la mazira, mtima umathamangira ku khansa. Nthawi zambiri si khansa ayi. Koma kuti tidziwe za munthu mmodzi payekha, pafunika zinthu ziwiri: msinkhu wake, ndi mmene chotupacho chikuonekera mkati. Chotupa cha masentimita 4 mwa mtsikana wa zaka 22 ndi chotupa cha masentimita 4 mwa mayi wa zaka 65 si nkhani imodzi.

Kodi chotupa cha m'thumba la mazira chimakhala chiyani kwenikweni?

Mkazi ali ndi matumba a mazira awiri, lina kumanja lina kumanzere kwa chiberekero. Mwezi uliwonse dzira limakhwimira m'kathumba ka madzi kamene kamakula mpaka masentimita 2 kapena 2.5, kenako n'kuphulika kuti dziralo lituluke. Kakalephera kuphulika, kamapitiriza kudzaza madzi. Kakaphulika n'kutsekekanso, kamatha kudzaza madzi kapena magazi. Zotupa zoterezi zimangochokera ku ntchito ya thumbalo ya mwezi ndi mwezi, ndipo ndizo zimapezeka kwambiri.

Gulu lina ndi la zotupa zomera, zimene maselo ake amachulukana okha koma safalikira kwina, monga dermoid, cystadenoma ndi fibroma. Palinso endometrioma, chotupa cha magazi akale chimene chimabwera ndi matenda a endometriosis, amene mnofu wonga wa mkati mwa chiberekero umamera kunja kwake. Kenako pali khansa, pamodzi ndi zotupa za borderline zimene zili pakati.

Zina zimaoneka ngati zili m'thumba la mazira chonsecho zili pambali pake: mimba yomera m'chubu (njira imene dzira limadzera popita m'chiberekero), mafinya osonkhana m'chubu, chubu chodzaza madzi, kapena chotupa cha chiberekero cholendewera m'mbali. N'chifukwa chake mkazi aliyense wa msinkhu wobereka amayezedwa kaye ngati ali ndi pakati, zina zonse zisanakambidwe.

Pa zotupa 100, ndi zingati zimene zimakhala khansa?

Zimatengera kuti zotupa 100 zimenezo ndi ziti, ndipo apa ndi pamene anthu amasokonezekera akamawerenga manambala.

Tikawerenga zotupa za amayi amene sanasiye kusamba, khansa ndi yosowa kwambiri. Malangizo a mu 2011 a RCOG, bungwe la madokotala a amayi ku Britain, amanena kuti pa zotupa za madzi 1,000 zimene zikusautsa amayi a msinkhu umenewu, pafupifupi chimodzi ndicho chimakhala khansa, ndipo pofika zaka 50 zimakhala zitatu pa 1,000.

Tikawerenga zotupa zomera zokha zimene zinachotsedwa pa opaleshoni, manambala amakwera, chifukwa zimenezi ndi zimene zinakana kuphwa kapena zimene dokotala anazikayikira kale. Kafukufuku wa mu 1989, amene anaona zotupa za amayi 861 ku Los Angeles, anapeza kuti 13 pa 100 zilizonse zinali khansa mwa amayi osasiya kusamba, koma 45 pa 100 mwa amene anasiya. Kuchoka pa zaka za m'ma 20 kufika zaka za m'ma 60, chiopsezo chinakwera ka 12.

Ndiye mukamva kuti pafupifupi theka la zotupa za amayi achikulire ndi khansa, funsani kuti theka la zotupa ziti. Nambala imeneyo ikunena zochotsedwa pa opaleshoni. Sikunena kachotupa ka madzi okhaokha kamene kangopezeka pofufuza zina.

Pa moyo wonse, mkazi mmodzi kapena awiri pa 100 alionse amadwala khansa ya thumba la mazira, pomwe amene amachitidwa opaleshoni chifukwa cha chotupa cha m'thumbali amafika 10 pa 100. Padziko lonse, mu 2022 panapezeka odwala atsopano pafupifupi 324,000, ndipo amene anamwalira nayo anali pafupifupi 207,000.

Mwana wosabadwa kapena wakhanda angakhale nacho?

Inde. Chimaoneka pa sikani ya mayi woyembekezera, makamaka m'miyezi itatu yomaliza, mwa mwana mmodzi pa ana pafupifupi 2,500 obadwa. Mahomoni a mayi ndi a nsengwa ndi amene amadzutsa matumba a mwanayo. Akabadwa mahomoniwo amatsika ndipo chotupacho chimaphwa chokha, kawirikawiri chaka chisanathe. Khansa pa msinkhu uwu ndi yosowa zedi. Chimene madokotala amayang'anira ndi kupotoka kwa thumbalo, makamaka chotupa chikaposa masentimita 4 kapena 5, choncho amabwereza sikani pakapita milungu 4 mpaka 6.

Nanga atsikana aang'ono ndi amene angotha kumene msinkhu?

Mtsikana amene sanathe msinkhu sakhala kawirikawiri ndi zotupa za mwezi ndi mwezi zija, popeza matumba ake sanayambe kutulutsa mazira. Zotupa ndi zosowa, zimapezeka mwa atsikana pafupifupi atatu pa 100,000 pachaka. Koma chikapezeka cholimba kapena chachikulu, sichitengedwa mopepuka. Pa zotupa zochotsedwa mwa ana ndi atsikana osakwana zaka 20, pakati pa 10 ndi 20 pa 100 zimakhala khansa, ndipo chiopsezo n'chokwera mwa a chaka chimodzi mpaka zaka 8 kuposa mwa a zaka 15 mpaka 19.

Khansa za msinkhu uwu n'zosiyana ndi za amayi achikulire. Zambiri zimachokera ku maselo opanga mazira enieniwo: dysgerminoma, yolk sac tumour ndi immature teratoma. Zimakula msanga. Mwana amadandaula m'mimba, ndipo mimba imatha kutupa m'milungu yochepa. M'magazi amayeza AFP, beta-hCG ndi LDH, zinthu zimene zimatha kukwera ndi khansa zimenezi, chifukwa CA-125, imene amayeza m'magazi a amayi akuluakulu pofufuza khansa ya thumba la mazira, sithandiza kwenikweni kuno. Zimene zimakweza chikayikiro ndi chotupa cha masentimita 8 kapena kuposa, mnofu wolimba mkati mwake, ndi mwana kuyamba kumera mabere kapena kutaya magazi asanafike zaka 8. Chizindikiro chomalizachi chimatha kuchokera ku chotupa cha granulosa chimene chimatulutsa homoni ya oestrogen, ndipo pamenepo amayezanso inhibin.

Khansa zimenezi zimamva mankhwala kwambiri. Opaleshoni, ndipo pakafunika chemotherapy ya bleomycin, etoposide ndi cisplatin, zimachiritsa oposa 90 pa 100. Kawirikawiri amachotsa thumba lodwalalo ndi chubu chake basi, chiberekero ndi thumba linalo n'kuzisiya, ndipo atsikana ambiri amadzasamba ndi kubereka. Cholakwika chofala pa msinkhu uwu ndi kuchotsa thumba lonse pa chotupa chosaopsa chimene chikanangosendedwa. Mtsikanayo adzalifuna thumbalo kwa zaka 30 kapena 40 zikubwerazo.

Ndili ndi zaka za m'ma 30 ndipo andipeza ndi chotupa cha madzi. Ndide nkhawa?

Ngati chili cha madzi okhaokha, cha chipinda chimodzi, khoma lake lopyapyala ndi losalala, musade nkhawa. Pa kafukufuku amene anatuluka mu 2019 wa amayi 72,093 a m'chigawo cha Washington ku United States, mwa amayi oposa 15,000 amene anali ndi chotupa choterechi, mmodzi yekha ndiye anapezeka ndi khansa m'zaka zitatu zotsatira.

Malangizo a RCOG kwa mayi wosasiya kusamba ali motere. Chikakhala chochepera masentimita 5, sipafunika kuchitsatira, chifukwa pafupifupi zonse zimaphwa pasanathe misambo itatu. Chikakhala cha masentimita 5 mpaka 7, sikani ibwerezedwe pakatha chaka. Chikaposa masentimita 7, pangafunike MRI (makina ojambula m'thupi mozama) kapena opaleshoni, osati chifukwa choti kukula ndiko khansa, koma chifukwa sikani siona bwino khoma lonse la chotupa chachikulu.

Chotupa cha magazi chimatha kusokoneza, popeza magazi oundana amaoneka ngati mnofu. Njira yake ndi kubwereza sikani pakapita milungu 6 mpaka 12, makamaka msambo utangotha, kuti kathumba ka dzira la mwezi watsopano kasaoneke ngati chotupa chakale chija. Magazi oundana amasintha maonekedwe n'kuzimiririka, pomwe mnofu weniweni umakhalapobe.

Amayi a PCOS, vuto la mahomoni limene limaonetsa timatumba tambiri m'matumba a mazira, asadzisokoneze ndi nkhaniyi. Timatumba tawo ta mamilimita 2 mpaka 9 ndi ta mazira amene sanakhwime, si zotupa zoti n'kuchotsa.

Kodi dermoid kapena endometrioma ingasanduke khansa?

N'zotheka koma si kawirikawiri. Dermoid ndi chotupa chomera chimene chimapezeka kwambiri mwa akazi achichepere. Mkati mwake mumakhala mafuta, tsitsi, nthawi zina mano kapena fupa, chifukwa chimachokera ku selo lotha kupanga mbali iliyonse ya thupi. Mwa amayi 10 mpaka 15 pa 100 chimakhala mbali zonse ziwiri, choncho thumba linalo liyenera kuonedwa bwinobwino. Zimene zimasanduka khansa ndi chimodzi kapena ziwiri pa 100, makamaka mwa amayi opitirira zaka 45 amene chotupa chawo ndi chachikulu. Vuto lake lalikulu ndi kupotoka.

Pa endometrioma chiopsezo chili pafupifupi chimodzi pa 100 kapena kucheperapo, ndipo khansa zake zimakhala za mitundu ya clear cell ndi endometrioid. Chofunika kuchiyang'anira ndi endometrioma imene ikukula mayi atasiya kusamba, kapena imene yamera kamnofu koyenda magazi pakhoma lake. Endometrioma imayenera kufota mahomoni akatsika, ndiye ikamakula pa nthawi imeneyo pali chifukwa.

Dokotala wanena kuti chotupa changa ndi cha borderline. Ndi khansa kapena ayi?

Maselo ake ndi osalongosoka ndipo amachulukana mopitirira, koma sadya mnofu wa thumbalo monga imachitira khansa. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a odwala ake ndi amayi osakwana zaka 40. Zambiri zimapezeka zisanatuluke m'thumba, ndipo zikatero amayi oposa 95 pa 100 amakhala ali moyo pakatha zaka 10. Chithandizo chake ndi opaleshoni, ndipo chemotherapy nthawi zambiri safuna. Mayi amene akufunabe ana amatha kusiyiridwa chiberekero ndi thumba limodzi. Kungosenda chotupacho n'kusiya thumba lodwalalo kumachititsa kuti chibwerere kawirikawiri kuposa kulichotsa lonse, ndipo chimatha kubwerera patatha zaka zambiri, choncho sikani zotsatira sizisiyidwa msanga.

Bwanji chikapezeka ndili woyembekezera?

Zambiri zopezeka m'miyezi itatu yoyamba ndi kathumba kamene kanatulutsa dzira kaja, kamene tsopano kakupanga progesterone yosunga mimbayo. Kamafota kokha pofika milungu 14 mpaka 16. Pa zotupa zonse zopezeka mwa oyembekezera, za khansa ndi pafupifupi chimodzi mpaka 6 pa 100, ndipo zambiri mwa izo ndi za borderline kapena za maselo opanga mazira, zimene zimapezeka zisanafalikire.

CA-125 imakwera yokha m'miyezi yoyamba ya mimba, ndipo AFP ndi hCG zimakhala zokwera chifukwa cha mimbayo, kotero sikani ndiyo imadaliridwa, kenako MRI ngati pakufunika. Opaleshoni ikafunika, nthawi yabwino ndi pakati pa milungu 14 ndi 20: ngozi yopita padera yatsika, ndipo chiberekero sichinakule moti n'kutchinga. Thumba likapotoka sadikira nthawi imeneyo. Ngati kathumba kopanga progesterone kachotsedwa mimba isanakwane milungu pafupifupi 10, mayi amapatsidwa progesterone mpaka nsengwa itayamba kupanga yokwanira.

N'chifukwa chiyani chiopsezo chimakwera mayi akasiya kusamba?

Pali zifukwa ziwiri. Choyamba, zotupa za mwezi ndi mwezi zija zimatha, ndiye pa zotupa zotsalazo gawo la khansa limakula. Chachiwiri, khansa ya epithelial (ya maselo okuta thumba ndi chubu), imene ndi pafupifupi 90 pa 100 ya khansa zonse za thumba la mazira, ndi matenda a ukulu. Ku United States theka la odwala amapezeka ali ndi zaka 63 kapena kuposa.

Komabe si chotupa chilichonse cha mayi wachikulire chimene chili choopsa. Zotupa za madzi zimapezeka mwa amayi 5 mpaka 17 pa 100 amene anasiya kusamba. Ku yunivesite ya Kentucky anatsatira amayi oposa 2,700 a zaka 50 kupita m'tsogolo amene anali ndi zotupa za chipinda chimodzi zochepera masentimita 10. Pafupifupi 70 pa 100 zinaphwa zokha, ndipo palibe chimene chinapezeka khansa chikadali cha chipinda chimodzi chosalala.

Izi zikugwirizana ndi zimene zadziwika m'zaka za posachedwapa za komwe khansayi imayambira. Mtundu wofala ndi woopsa kwambiri, high-grade serous, nthawi zambiri umayambira kunsonga ya chubu, maselo ake n'kugwera pathumba la mazira ndi m'mimba monse. Sumera kuchokera ku kachotupa ka madzi kamene kanakhalitsa. Ndiye kuchotsa tizotupa tonse ta madzi sikungaithetse khansayi.

Kwa mayi wosiya kusamba, chotupa cha madzi okhaokha cha masentimita 3 kapena kucheperapo sichifuna kutsatiridwa. Cha masentimita 3 mpaka 5, cha mbali imodzi, chosapweteka, CA-125 ili bwino, chimaonedwanso pakapita miyezi 4 mpaka 6, ndipo chikakhala chosasintha kwa chaka amachisiya. China chilichonse chokhala ndi mnofu, zipinda zambiri kapena madzi m'mimba chimafufuzidwa ngati khansa mpaka zitadziwika kuti si iyo.

Tisaiwale kuti khansa ina yopezeka m'thumba la mazira imakhala yochokera kwina, monga m'chifu, m'matumbo aakulu kapena m'bere, ndipo kawirikawiri imagwira matumba onse awiri.

Kodi dokotala amayang'ana chiyani pa sikani?

Sikani yodzera m'njira yoberekera imaona bwino kuposa ya pamimba. Ya pamimba imathandiza chotupa chikakhala chachikulu, komanso kwa ana. Gulu la akatswiri la IOTA linatulutsa mu 2008 malamulo osavuta a zizindikiro 10.

Zosonyeza kuti n'chosaopsa ndi izi: chipinda chimodzi chokha, mnofu wosafika mamilimita 7, mthunzi kuseri kwa chotupa, zipinda zambiri koma zosalala m'chotupa chosafika masentimita 10, ndi kusayenda kwa magazi m'chotupacho.

Zosonyeza khansa ndi izi: chotupa cholimba cha m'mbali mokumbikakumbika, madzi odzaza m'mimba, timinofu totukuka pakhoma lamkati tinayi kapena kuposa, zipinda zambiri zosakanikirana ndi mnofu m'chotupa cha masentimita 10 kapena kuposa, ndi magazi oyenda kwambiri m'chotupacho.

Pakakhala zizindikiro za gulu limodzi lokha, yankho limapezeka. Pakakhala za magulu onse awiri, kapena palibe n'chimodzi chomwe, malamulowa sagamula, ndipo zimatero pa chotupa chimodzi mwa zinayi kapena zisanu. Zimenezo zimapita kwa katswiri wa sikani kapena ku MRI.

Lipoti lina limalemba nambala ya O-RADS. Nambala 2 ikutanthauza chiopsezo chosafika chimodzi pa 100. 3 ndi kuyambira chimodzi mpaka pansi pa 10. 4 ndi kuyambira 10 mpaka pansi pa 50. 5 ndi 50 pa 100 kapena kuposa.

CA-125 yanga yakwera. Ndiye kuti ndi khansa?

Ayi, makamaka ngati mukusambabe. Mlingo wake wabwino ndi wosapitirira 35, koma imakwera ndi chilichonse chosautsa nembanemba ya m'mimba: msambo, mimba, endometriosis, zotupa za chiberekero, matenda a m'machubu, matenda a chiwindi, ngakhale mtima wofooka. TB ya m'mimba imakweza CA-125 kwambiri, imadzaza madzi m'mimba ndi kuwondetsa munthu, moti imafanana ndi khansa yofalikira mpaka kachidutswa ka mnofu katayezedwa. Fibroma, chotupa chosaopsa, nayo imatha kubweretsa madzi m'mimba ndi m'chifuwa amene amatha chotupacho chikachotsedwa.

Kumbali ina, CA-125 yabwino sikutsimikiza kuti khansa palibe. Imakwera mwa odwala oposa 80 pa 100 a khansa yofalikira, koma mwa theka lokha la amene khansa yawo ikadali m'thumba. Kwa mayi wosasiya kusamba wa chotupa cha madzi okhaokha, kuiyeza kumangobweretsa mantha opanda pake. Ikaposa 200 mwa mayi wotere, ndiye pafunika katswiri wa khansa za amayi.

Imagwira bwino ntchito ikaphatikizidwa ndi msinkhu ndi sikani m'chiwerengero cha RMI. Amachulukitsa manambala atatu. Ya sikani ndi 0, 1 kapena 3, kutengera kuchuluka kwa zizindikiro zisanu: zipinda zambiri, mnofu wolimba, zotupa mbali zonse, madzi m'mimba, ndi kufalikira. Ya msinkhu ndi 1 kwa wosamba, 3 kwa wosiya. Yachitatu ndi CA-125. Mayi wosiya kusamba wa zizindikiro ziwiri ndi CA-125 ya 40 amapeza 3 × 3 × 40, zimene ndi 360. Mayi wosamba wa chizindikiro chimodzi ndi CA-125 ya 60 amapeza 60 basi. Zikafika 200 mayi amatumizidwa kwa akatswiri a khansa, ngakhale malangizo ena amayambira pa 250. Taonani kuti amene CA-125 yake ndi yotsika ndiye wadutsa malire, chifukwa cha msinkhu ndi sikani.

Kungodikira n'kumabwereza sikani si kuika moyo pachiswe?

Pa chotupa chimene sikani yabwino yachiona kuti n'chosaopsa, ayi. Kafukufuku wa IOTA amene anatuluka mu 2019 anatsatira amayi 1,919 otere kwa zaka ziwiri. Zotupa 20 pa 100 zinaphwa zokha. Khansa yeniyeni inapezeka mwa 4 pa 1,000, borderline mwa 3 pa 1,000, kupotoka mwa 4 pa 1,000, ndipo kuphulika mwa 2 pa 1,000. Opaleshoni nayo ili ndi mtengo wake pathupi: kutaya magazi, kuvulala kwa matumbo kapena chikhodzodzo, ziwalo kumatirirana, ndi kuchepa kwa mazira, makamaka posenda endometrioma. Kudikira kumakhala koopsa pokhapokha mayi akasiya kubwera pa masiku amene anapatsidwa.

Bwanji osangopopa madziwo ndi singano?

Chifukwa khoma lopanga madziwo limatsala, ndipo zoposa theka zimadzazanso. Madzi opopedwawo saonetsanso bwino ngati muli khansa. Choopsa koposa n'chakuti chotupacho chikakhala khansa, kuchiboola kumamwaza maselo m'mimba. Khansa imene inali pa siteji IA, yotsekeredwa m'thumba limodzi, imakwera kufika pa IC1 ikaphulika pa opaleshoni, ndipo mayi angafunike chemotherapy imene akanaipewa.

N'chifukwa chakenso pa opaleshoni ya tizibowo chotupa amachiika m'kathumba ka pulasitiki asanachitulutse, ndipo chokayikitsa kwambiri amachichotsa chathunthu pong'amba pamimba. Kwa mayi wosiya kusamba, kawirikawiri amachotsa matumba onse awiri ndi machubu ake m'malo mosenda chotupa chokha. Khansa ikakayikiridwa, opaleshoni yoyamba ndiyo yofunika kuposa zonse, ndipo odwala amene amachitidwa ndi katswiri wa khansa za amayi amakhala ndi moyo nthawi yaitali kuposa ena.

Ndi zizindikiro ziti zosafunika kuzinyalanyaza?

Zofunika kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo ndi ululu wadzidzidzi wa mbali imodzi ya chinena, makamaka wobwera ndi kusanza, kukomoka kapena kutentha thupi. Kumeneko kungakhale kupotoka, kuphulika kapena mimba ya m'chubu. Thumba lopotoka limatha kupulumuka likapotoloredwa msanga, ngakhale litaoneka lakuda pa opaleshoni.

Za khansa sizibwera ndi phokoso: mimba kutupikana osaphwa, kukhuta mutadya pang'ono, ululu wa m'chinena wosachoka, kukodza pafupipafupi. Aliyense zimamuchitikira nthawi zina, koma zikakhala zatsopano ndipo zikuchitika koposa ka 12 pamwezi, pafunika kuyezetsa. Mayi wa zaka 50 kapena kuposa asavomere msanga kuti ndi mpweya wa m'mimba chabe ngati vutolo sanakhalepo nalo. Kusiyana kwake n'kwakukulu: khansa ikapezeka ikadali m'thumba, oposa 90 pa 100 amakhala ali moyo pakatha zaka 5, koma ikafalikira kutali amatsala pafupifupi 30 pa 100.

Amayi anga anadwala khansayi. Manambala aja akundikhudza chimodzimodzi?

Ayi, mwina chiopsezo chanu n'chokwererapo. Mkazi amene ali ndi vuto m'jini ya BRCA1 ali ndi chiopsezo cha pafupifupi 40 pa 100 pa moyo wake, ndipo wa BRCA2 cha 11 mpaka 17 pa 100. Matenda akumtundu a Lynch, amene amayenda ndi khansa ya m'matumbo aakulu ndi ya m'chiberekero, nawonso amakweza chiopsezo. Majini amenewa amachokera kwa bambo monganso kwa mayi, choncho uzani dokotala za azakhali ndi agogo a kuchimuna, za khansa ya m'bere yobwera munthu asanafike zaka 50, ndi za mwamuna aliyense wa kumtundu kwanu amene anadwala khansa ya m'bere. Kwa amene vutoli latsimikizika, amalangiza kuchotsa matumba ndi machubu akamaliza kubereka: pa zaka 35 mpaka 40 kwa BRCA1, ndi 40 mpaka 45 kwa BRCA2.

Ndinayezetsa khansa ya khomo la chiberekero. Kodi ya thumba la mazira anaiona pomwepo? Ndiziyezetsa chaka chilichonse?

Kuyeza kwa viniga, Pap smear ndi kuyeza HPV kumaona khomo la chiberekero lokha. Katemera wa HPV nayenso sateteza ku khansa ya thumba la mazira.

Kuyeza amayi athanzi chaka ndi chaka kunayesedwa mokwanira ndipo sikunapulumutse miyoyo. Kafukufuku wa UKCTOCS ku Britain anatsatira amayi oposa 200,000 a zaka 50 mpaka 74, ndipo zotsatira za mu 2021 zinaonetsa kuti imfa sizinachepe. Wa PLCO ku United States, wa amayi oposa 78,000, anapezanso zomwezo mu 2011. Pamenepo amayi 1,080 opanda khansa anachitidwa opaleshoni chifukwa cha zotsatira zonama, ndipo 15 pa 100 mwa iwo anapeza vuto lalikulu chifukwa cha opaleshoniyo.

Kodi mapiritsi olera amaphwetsa chotupa kapena kuteteza ku khansa?

Saphwetsa chotupa chimene chilipo kale. Cha mwezi ndi mwezi chimaphwa pa nthawi yake, kaya mukumwa mapiritsi kaya ayi, ndipo chomera sichiwamva n'komwe. Chimene amachita ndi kuletsa dzira kukhwima, kotero zotupa zatsopano za mtundu umenewo zimachepa.

Pa khansa ndiye amathandizadi. Zaka 5 zilizonse zomwa mapiritsi a mahomoni awiri zimachepetsa chiopsezo ndi pafupifupi 20 pa 100, ndipo chitetezocho chimakhalapobe kwa zaka zoposa 30 mayi atasiya kumwa. Kubereka, kuyamwitsa ndi kutseka machubu nazonso zimachepetsa. Popeza khansa yoopsa ija imayambira kunsonga ya chubu, madokotala ambiri tsopano amachotsa machubu onse pamene mayi akuchotsedwa chiberekero pa zifukwa zina kapena akutseketsa, matumba a mazira n'kuwasiya kuti apitirize kupanga mahomoni mpaka mayiyo atasiya kusamba pa nthawi yake.